Zidole za Aherero ku Okahandja

Kupita ku Namibia pa basi kumafuna munthu wopirira. Umadutsa Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Livingstone, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Katima Mulilo, kenako msewu umangowongoka mpaka ku Rundu, mitengo ikunka nichepa. Ndinatsikira ku Okahandja, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Windhoek, mapazi atatupa.

Alendo ambiri amaima pamenepa kugula ziboliboli. Ine maso anathamangira pa zidole, poti kwathu ndikapeza mpata ndimasoka tizovala ta zidole ndi tinsalu totsala kwa telala komanso maliboni a m'masitolo a ku Area 2. Zidolezo zinali zitandandalikidwa pa thabwa, chilichonse chitavala deresi lofika kumapazi, la mapewa otukumuka, kumutu kuli duku lotambalala ngati nyanga za ng'ombe. Mayi amene amazisoka anali pambali pomwepo, atavala chimodzimodzi, akupukusa ndi dzanja makina akale a Singer.

Ndinawapempha kuti ndikhale nawo, ndipo anandisunthira chigubu chokhalira. Chimene ndinkafuna kuona ndi mmene amagwirira riboni. Amasankha kariboni kopyapyala kwambiri, nkukayala pamwamba penipeni pamene zigamba ziwiri zakumana, kenako nkudutsitsa makina m'mphepete monse muwiri. Msoko umabisika, nsalu siimasuka, ndipo siketi imalimba moti imadziimira yokha. Kumapeto kwa riboni amayandikitsako moto wa machesi pang'ono chabe kuti ulusi usamasuke. M'chiuno amakwinya nsalu ndi singano yapamanja, chifukwa makina sangalowe pakang'ono chotere. Atapindula siketi ya chidole chimodzi ndinaona timapitikoti tosanjikizana, kalikonse kali ndi mpendero wake, ngakhale wogula sangaganize zosuzumirako. Ndaona madiresi a ukwati osokedwa mosasamala kuposa apa.

"Mwanangu, chidole chikavala molakwika ndiye kuti ndanyoza amayi anga," anatero m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiherero.

Kavalidweka kali ndi mbiri yowawa. Kanabwera ndi akazi a amishoni ndi atsamunda a Chijeremani m'zaka za m'ma 1800. Mu 1904 Aherero, motsogozedwa ndi Samuel Maharero, anaukira Ajeremani amene ankawalanda malo ndi ng'ombe. Aherero atagonja ku Waterberg, mkulu wa asilikali a Chijeremani Lothar von Trotha analamula kuti atheretu. Anthu zikwizikwi anafera m'chipululu cha Omaheke ndi m'misasa ya ukaidi mpaka 1908, ndipo dziko la Germany linadzavomereza mu 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu. Akazi amene anatsala sanataye deresi la adani awo. Analisandutsa lawo, nkuikapo duku la nyanga lija, otjikaiva, pofuna kulemekeza ng'ombe, chuma cha Mherero.

Maharero anamwalirira ku Bechuanaland, Botswana ya lero, ndipo anaikidwa m'manda ku Okahandja konkuno pa 26 Ogasiti 1923. Chaka chilichonse m'mwezi umenewu anthu amasonkhana kudzamukumbukira, akazi atavala madiresi ofiira ndi majekete akuda. Zidole zovala choncho mayi wosoka uja anaziika pazokha kumapeto kwa thabwa, ndipo zimenezi sankaikamo zigamba.

Chinandipweteka ndi kuona mlendo wina, kamera ili pakhosi, akunenerera mtengo mpaka kutsitsa ndi theka, ntchito yoti munthu watherapo tsiku atawerama. Mayiwo sanakangane naye. Anangobwezera chidolecho pa thabwa nkupitiriza kupukusa makina awo.

Ine ndinagula chofiira ndi china cha zigamba, chonga zimene amavala masiku wamba. Ndikutsanzika anandiuza kuti m'mawa mwake sindikanawapeza, akalawirira ku Windhoek kukagula riboni, chifukwa Ogasiti akamayandikira yofiira imasowa m'masitolo.