Ntchemberembaye sayenera kutha ndi ukwati



Kuno ku Ntcheu amayi ambiri adasewerapo ntchemberembaye ali ku pulayimale. Koma mtsikana akangokwatiwa, mpira umathera pomwepo. Amatsala ndi khasu, mtondo ndi mwana kumsana, ndipo akapezeka pabwalo anthu amati wachita chibwana.

Chodabwitsa n'chakuti masewero omwewa ndi amene adatchukitsa dziko lathu. Mu 2007 timu ya Malawi Queens idathera pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland. Mu 2015 Mwai Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse ku Sydney, ndipo mu 2018 ma Queens adagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Tonse tidaombera m'manja. Nanga mayi wa pakhomo pathu akafuna kusewera timamukaniziranji?

Ine ndimasewera m'timu ya amayi a m'dera lathu. Ambiri ndi ogulitsa kachewere, kabichi ndi tomato wochokera ku Lizulu ndi ku Tsangano. Amakhala pansi tsiku lonse kudikira ogula, ndipo angapo akumwa kale mankhwala a BP ndi shuga. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Masewero amodzi a ntchemberembaye amatenga mphindi 60, m'zigawo zinayi. Kukumana katatu pa sabata kumakwaniritsa muyezowo.

Ena amati mayi wolima safunikanso masewero. N'zoona kuti kumunda amatuluka thukuta, koma amawerama yekhayekha ndi nkhawa zake. Pabwalo pamakhala anthu 7 mbali iliyonse, ndipo wogwira mpira saloledwa kuthamanga nawo, ayenera kupatsira mnzake. Mmodzi akajomba kawiri, anzake amakamuona kunyumba. Umu ndi momwe tidadziwira kuti mnzathu wina wamasiye ankagona ndi njala, ndipo tidamulowetsa mu banki m'khonde.

Nkhawa ya amuna ambiri ndi mavalidwe, ndipo ndi yomveka. Ife timavala hijabu yomangika bwino, malaya a manja aatali ndi buluku lotakasuka. Woimbira ndi mayi mnzathu, ndipo timasewera nthawi imene anyamata sali pabwalo. Kumbukiraninso kuti mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adapikisanapo liwiro ndi Mtumiki (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye).

Abambo, mukamuletsa mayi wa ana anu ola limodzi la masewero, mwina mudzamuperekeza maola ambiri pamzere wa kuchipatala. Mugwirireniko mwana madzulo amodzi, apite. Inu ophunzira, fotokozerani amayi anu malamulo amene adasintha chichokereni iwo kusukulu. Alongo anga, zofunika n'zochepa: mpira umodzi, mitengo iwiri, zingelengele ziwiri zochokera kwa wowotcherera, ndi phulusa lolembera mizere. Ikangodutsa Eid, kapempheni bwalo kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yoyandikana nanu, muyambepo.