Chifunga cha m'maso pa Lufita

Aliyense wochokera ku Karonga pa msewu wa phula amadutsa pa Lufita asanalowe pa boma la Chitipa. Pamsika pake mumamva Chilambya, Chindali, Chitumbuka ndi Chiswahili cha amalonda a ku Tanzania nthawi imodzi. Pali matumba a chimanga ndi nyemba, zitenje zopachikidwa pazingwe, ndi anyamata a njinga zamoto olimbirana okwera. Ine ndimaphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina yoyendera, ndipo pa Lufita ndinkangobwera kudzagula zapakhomo. Loweruka lina ndinabwera ndi nkhani ina.

Mtsikana wina wa Fomu 2, wochita bwino m'kalasi, anayamba kujomba: poyamba masiku awiri, kenako sabata yathunthu. Anzake anati amakhala ndi agogo ake kuseri kwa msika. Ndinapalasa njinga, ndikufunsa njira, mpaka ndinawapeza pakhonde, mtsikanayo akuwagwiritsa agogowo kapu ya madzi m'manja.

Popeza Chilambya changa n'choperewera, iye ndiye ankamasulira. "Aphunzitsi," anatero agogowo, "ndimaona ngati chifunga cha ku Misuku, koma changachi sichichoka ngakhale dzuwa likwere." Nditayang'anitsitsa, ndinaona kuti pakati pa maso awo, pamene pamayenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati mkaka. Inali ng'ala. Kuphika, kutunga madzi, ngakhale kuwaperekeza kuchimbudzi, zonse zinali pamutu pa mwana wasukulu uja. Achibale ena ankati ndi ukalamba basi, ena ankanong'ona za ufiti, ndipo anali atayamba kuwadonthezera madzi a masamba m'maso.

M'kati mwa diso muli kagalasi koyera kamene kuwala kumadutsamo. Kagalasika kakachita chimbuuzi, munthu amayamba kuona mwa utsi. Zimayamba pang'onopang'ono, popanda ululu. Mitundu ya zovala imaoneka yofuwa, nyali za galimoto usiku zimathobwa m'maso, ndipo ena amaona chinthu chimodzi ngati ziwiri. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa nthenda ina iliyonse ya maso. Kawirikawiri imadza ndi ukalamba, koma matenda a shuga, kusuta fodya, kumwa mowa kwambiri, kuvulala m'diso, kuwala kwa dzuwa kwa zaka zambiri, ndi mankhwala a mtundu wa steroid ogwiritsa ntchito nthawi yaitali zimaifulumizitsa. Ana ena amabadwa nayo, ndipo khanda lotuwa pakati pa diso lifunika kupita kuchipatala msanga.

Ukalamba sitingauletse, koma chipewa cha khonde kumunda, kusiya fodya, kuyezetsa shuga ndi kusagula mankhwala a m'maso pamsika zimathandiza. Ng'ala ikakhwima, palibe dontho kapena mtengo woisungunula. Madzi a masamba amatha kuwotcha khungu la pamwamba pa diso n'kusiya chipsera chimene ngakhale madokotala amavutika nacho. Chithandizo chake ndi opaleshoni: amachititsa dzanzi diso lokha, kuchotsa kagalasi kowonongeka n'kuikapo kena kochita kupanga. Nthawi zambiri sipatha ola, ndipo bandeji amachotsa m'mawa mwake.

Chovuta chinali mantha. Agogowo anamva kuti madokotala amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Ndinajambula diso pansi ndi kamtengo monga ndimachitira pabolodi, kuwaonetsa amalume a mtsikanayo kuti diso silichoka m'malo mwake. Iwo ndiwo anawanyengerera amayi awo. Patapita masiku anawatengera kuchipatala cha pa boma, kumene anawayeza n'kuwalemba pa mndandanda wa opaleshoni. M'zipatala za boma chithandizochi n'chaulere. Ena amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ena amadikira akatswiri a maso akabwera kufupi. Chofunika kukonzekera ndi ndalama ya ulendo ndi wowaperekeza.

Nditabwereranso pa Lufita mvula itayamba, ndinawapeza agogo aja akusankha nyemba m'lichero okha. Diso limodzi linali litakonzedwa, linalo likudikira. Anandiyang'ana n'kuseka: "Kani ndinu mwana chonchi, aphunzitsi? Mawu anu ndinkayesa ndinu bambo wa imvi."

Mtsikana uja anabwerera m'kalasi, koma teremu yonse inali itamupita ndipo akuvutikabe kuti apeze anzake. Tikanadziwa msanga, sakanataya nthawi imeneyo. Aphunzitsi anzanga, mwana akayamba kujomba tisathamangire kumupatsa chibalo, tikaone kwawo. Ndipo inu amene muli ndi kholo limene layamba kupapasa khoma masana, musati ndi ukalamba chabe. Pitani nalo likayezetse maso.