Patan, mzinda wa amisiri osula milungu

Mzinda wa Patan uli m'chigwa cha Kathmandu ku Nepal, tsidya la mtsinje wa Bagmati. Kumeneko luso losula milungu ya Abuda ndi Ahindu ndi lotengera kwa makolo, makamaka m'mabanja a Shakya a mtundu wa Newar.

Mmisiri amayamba ndi phula. Amaumba Buddha, Tara kapena Vishnu, zala ndi mikanda yomwe, kenako amamata dongo losakaniza ndi ndowe za ng'ombe ndi mankhusu a mpunga. Dongolo likauma amaliika pamoto, phula lonse n'kusungunuka, ndipo m'malo mwake amathiramo mkuwa wosungunula. Kuti chiboliboli chituluke, chikombole chiyenera kuswedwa. Golide amabwera pomaliza: amamusakaniza ndi mercury, kupaka pa mkuwawo, n'kuwamba pamoto mpaka mercury yauluka ngati nthunzi, golide n'kukanirira. Nthunzi imeneyi ndi poizoni. Tikamasirira kunyezimirako tizikumbukiranso amene ankaipuma.

Mbiri ya amisiriwa inafika kutali. Mu 1260 mnyamata wina wa m'chigwachi, Arniko, anatsogolera amisiri 80 kupita ku Tibet, ndipo pambuyo pake anakagwira ntchito kwa mfumu Kublai Khan ku China.

Ife tinazolowera kungoti "mafano", koma kwa eni ake chiboliboli chikapatulidwa mwamwambo si chitsulo wamba ayi. Amachisambitsa, kuchiveka maluwa, kuchipatsa mpunga. Pa kachisi wa Hiranya Varna Mahavihar, amene alendo amamutcha Golden Temple, wansembe wamkulu amakhala mnyamata wosapitirira zaka 12, ndipo amatumikira mwezi umodzi basi. Nsapato zachikopa uzivula usanalowe m'bwalo.

Chapafupi pali Patan Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1997 m'nyumba yakale yachifumu. Milungu ya mmenemo ndi yotetezeka m'magalasi, koma palibe woipatsa mpunga. Komabe sindingadzudzule magalasiwo, chifukwa milungu yambiri ya m'chigwachi inabedwa m'makachisi n'kukagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Chiboliboli chamwala cha Lakshmi-Narayan chinasowa ku Patan mu 1984, n'kukapezeka ku Dallas Museum of Art. Chitabwezedwa mu 2021, anthu sanachisiye m'galasi: anachinyamula pamapewa, ng'oma zikulira, n'kukachiika m'kachisi mwake momwe.