Honda ya atate imadwala fumbi

Ku Chipata njinga yamoto iliyonse ndi honda. Ikhale Boxer, ikhale TVS, ikhale ya ku China yomwe dzina lake linafufutika pa tanki mvula yoyamba itagwa, mwana wa ku Navutika akaiona ikudutsa amangoti honda yapita. Yathu ndi Honda yeniyeni, XL125S, ya miyendo italiitali, madigadi yakutsogolo ili m'mwamba ngati munthu amene wapinda thalauzi kuti awoloke mtsinje. Anaipangira misewu iwiri, wa tala ndi wa dothi, ndipo banja lathu nalonso limakhala m'misewu iwiri yomweyo. Ine ndi mkulu wanga tili m'tauni. Amama ali kumudzi ku Chipangali, komwe ukangosiya tala wa ku Lundazi umayamba kulimbana ndi mchenga, miyala ndi madambo.

Atate anali mlangizi wa zaulimi, ndipo njinga iyi inawadziwitsa minda yambiri kuposa nsapato zawo. Atamwalira, achibale anagawana zovala, mipando, ngakhale wailesi. Honda inatsala chifukwa inali itakhala miyezi osalira, aliyense ankaiona ngati chitsulo chokagulitsa pa sikelo. Manje amene amaikwera ndine, mwana wamkazi wotsiriza. Mwezi uliwonse ndimapititsa mankhwala a BP ndi a shuga kwa amama, pobwera ndimamangirira thumba la nsawa lomwe ndimagulitsa pa msika wa Kapata.

Mkulu wanga akufuna tiigulitse, tiwonjezere ndalama, tigule Boxer yatsopano kuti mnyamata wina azinyamulira anthu m'tauni n'kumatipatsa kena kake madzulo aliwonse. Maganizo awo si opusa. Boxer imamwa petulo pang'ono, zitsulo zake sizivuta kupeza, mpando wake ndi wautali. Koma mfundo yomwe amaikonda kwambiri ndi yakuti honda ya atate yakalamba, ingodwaladwala. Apa ndiye timasiyana. Ine ndaigwira m'manja zaka zitatu tsopano, ndipo matenda ake ndimawadziwa ndi maina. Ndi ochepa, ndipo pafupifupi onse amachokera ku fumbi, madzi ndi kugwedezeka.

Amene anaidzutsa ndi mudala wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Tinaikankha kuchokera kunyumba, ine thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti anena za injini yatsopano. Iwo anangoiyang'ana n'kuseka.

"Mwana wanga, injini ifuna vinthu vitatu chabe: mphepo, petulo na moto. Ikakana kulila, funsa vitatu ivi poyamba. Osathamangila kumasula mutu."

Tsiku limenelo sanamasule mutu. Anatsuka kabuleta momwe petulo wakale anali atauma ngati manyuchi, anasintha pulagi ndi oyilo, anachapa fyuluta. Pa kiki yachinayi inalira. Ndinalira nayo, chifukwa mawu ake ndi omwe ankatiuza kuti atate afika.

Ndiyambe ndi mphepo, chifukwa kuno ndi kumene njinga zambiri zimafera. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, msewu wa kumudzi umakhala ufa wofiira, ndipo ukatsatira lole ya thonje kapena ya fodya suona ngakhale dzanja lako. Injini imapuma fumbi lomwelo. Chomwe chimaiteteza ndi kasiponji kamene kali m'bokosi pansi pa mpando. Kasiponji kameneka kamagwira fumbi pokhapokha kakapakidwa oyilo. Kouma, fumbi limadutsa ngati madzi m'sefa, n'kuyamba kupala pisitoni ndi maringi pang'onopang'ono mpaka njinga iyamba kutulutsa utsi wobiriwira n'kumamwa oyilo ngati tiyi. Kakadzaza dothi, injini imabanika: mphamvu zimachepa pachitunda, petulo amatha msanga, pulagi imada. Ndiye ine ndikabwera ku Chipangali nthawi ya fumbi, ndisanasambe n'komwe, ndimachotsa kasiponji, kuchapa ndi palafini, kufinya osapotokola kuti kasang'ambike, kuumika, kudontheza oyilo woyera n'kufinyanso. Ntchito ya mphindi makumi awiri. Ndaona anyamata a pa siteshoni akuchotseratu fyuluta ati njinga izithamanga ndi kulira mwaukali. Imaliradi, miyezi ingapo.

Nkhani ya oyilo mudala anandiphunzitsa ndi chitsanzo choopsa. Anatulutsa m'bokosi la zitsulo zakufa mutu wa injini yonga yanga, n'kundiuza ndilowetse chala momwe mumazungulira kamshafuti. Munali mizere yakuya ngati munda wolimidwa. Pa injini za Honda zazing'ono za mtundu uwu, kamshafuti imazungulira pa aluminiyamu ya mutu weniweniwo, pakati pake pamangokhala kamtsinje ka oyilo. Oyilo akada kapena akachepa, chitsulo chimadya chinzake, ndipo sugula kachitsulo kamodzi ayi, umafunafuna mutu wonse. Injiniyi ilibenso fyuluta ya pepala ngati ya motoka. Ili ndi kasefa ka waya kuseri kwa chotsekera cha oyilo, ndi kagudumu kena m'kati komwe kamaponyera zinyalala m'mbali pozungulira. Oyilo yense amene amalowa ndi pafupifupi lita imodzi chabe. Lita imodzi imeneyo ndiyo imafewetsa injini, magiya ndi kilachi, komanso kuthandiza kuziziritsa, pakuti njinga iyi ilibe madzi, imadalira mphepo. Mu October, dzuwa likamawotcha mapiri a Kanjala, oyilo ameneyu amavutika. Ndimasintha pa makilomita 1,000 aliwonse, ndipo oyilo wa m'zigubu zopanda chizindikiro sindigula ngakhale atchipe bwanji.

Za petulo, vuto lalikulu ndi madzi ndi zinyalala. Kumudzi kulibe filingi siteshoni. Petulo amagulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo sudziwa chigubu chomwe anachokera chinagona kuti. Madzi amalemera kuposa petulo, ndiye amatsikira pansi pa tanki, kenako m'kambale ka pansi pa kabuleta. Njinga imayamba kutsokomola, kudumphadumpha, ukapotokola mafuta imazima. Pansi pa kambale kaja pali kasikuluu kamodzi. Ukatseka pompi wa petulo n'kumasula kasikuluuko, zonse za m'kambale zimatuluka, ndipo ukazilandira pa chivindikiro cha botolo umaona timadontho ta madzi tili pansi ngati mikanda. Ndinaikanso kafyuluta kakang'ono koonekera m'kati pa paipi ya petulo, ndipo pothira ndimasefa ndi kansalu. Ogulitsa ena amakwiya, ati ndikuwanyoza. Ndimawauza kuti honda yanga ndi nkhalamba, m'mimba mwake simuchedwa kuvuta.

Pulagi ndiyo dokotala wosanama. Ukaimasula, mtundu wa kumutu kwake umakuuza zomwe zikuchitika m'kati. Ikakhala yofiirira ngati nsawa zokazinga bwino, zonse zili m'malo. Yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka kapena fyuluta yatsekeka. Yonyowa ndi oyilo, maringi ayamba kutha. Yoyera mbuu, injini ikutentha kwambiri chifukwa petulo akuchepa kapena mphepo ikulowera pena pong'ambika, ndipo imeneyo ndi yoopsa kuposa yakuda. Kampata ka pulagi kamafunika kukhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.7. Ina yatsopano imakhala m'thumba nthawi zonse, yokulungidwa m'sokosi yakale ya atate.

Mu February chaka chatha, sabata yomwe tauni yonse inali kukonzekera za Nc'wala ku Mtenguleni, amama anatumiza uthenga kuti mapilitsi atsala a tsiku limodzi ndipo mutu ukuwazungulira. Mvula inali itagwa masiku atatu. Ndinanyamuka m'mawa, tala ndinamaliza bwino, koma pa dambo lina madzi anali atadutsa pamwamba pa kamlatho. Ndinawoloka pa giya yoyamba, madzi m'mawondo, ndipo nditangokwera tsidya lina njinga inazima. Panalibe netiweki, panalibe munthu, achule okha. Ndinafunsa zitatu zija. Bokosi la fyuluta linali louma, chifukwa pa njinga iyi mphepo imalowera m'mwamba, pansi pa mpando. M'kambale ka kabuleta munatuluka timadzi pang'ono. Kapu ya pulagi inali yonyowa m'kati, moto ukuthawira pambali. Ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje, ndinaika pulagi ya m'sokosi, ndinaponda kiki. Inalira. Mabuleki anali atanyowa, sagwira, ndiye ndinayenda pang'onopang'ono nditawaponda mopepuka mpaka anauma. Kutsogolo ndinapeza anyamata awiri akuchotsa matope ndi kamtengo pakati pa tayala ndi madigadi ya njinga yawo ya m'tauni, tayala litakaniratu kuzungulira. Madigadi yam'mwamba ija yomwe anthu amaiseka ntchito yake ndi imeneyo. Ndinafika amama asanadye nsima ya masana.

Zotsalazo ndi za kugwedezeka. Msewu wa mabampu ang'onoang'ono aja ngati malata umamasula chilichonse chomwe chili ndi nati. Masipoko ndimawagogoda ndi sipanala limodzilimodzi: lolimba limalira ngwee, lomasuka limangoti phu, ndipo ukalisiya limodzi anzake amayamba kuthyoka motsatana. Tcheni cha njinga yotere chimafuna kulendewera pang'ono kuposa cha njinga ya m'tauni, ngati zala ziwiri, chifukwa tayala lakumbuyo limakwera ndi kutsika kwambiri, ndipo chikakhala chokoka ngati chingwe cha gitala chimadya mabeyaringi kapena kuduka. Mano a siporoketi akayamba kupindika ngati minga ya kankhande, umasintha zonse pamodzi, tcheni ndi masiporoketi awiri, apo ayi chakale chimadya chatsopano. Mumchenga ndimachepetsa mpweya m'matayala kuti agwire, koma osapitirira, chifukwa tayala lofewa kwambiri limatsetsereka pa rimu n'kuzula valuvu ya chubu, ndipo pamenepo chigamba sichithandiza. Waya wa kilachi amakonda kuduka pafupi ndi chogwirira. Wina watsopano ndinamumangirira kale m'mbali mwa wakaleyo ndi tepi, kuti tsikulo likafika ndingolumikiza nsonga ziwiri.

Si nzeru zanga zokha izi. Bungwe la Riders for Health, lomwe lathandiza azaumoyo kuyenda ndi njinga zamoto m'maiko angapo a mu Africa kuphatikizapo Zambia, linamanga ntchito yake yonse pa mfundo yomweyi, yakuti njinga ya kumudzi imafa chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono cha tsiku ndi tsiku. Okwera ake amaphunzitsidwa kuyang'ana zinthu zisanu m'mawa uliwonse asananyamuke: petulo, oyilo, kukoka kwa tcheni ndi mawaya, manati, kenako mabuleki ndi matayala. Atate sanali a bungwelo, koma ndimakumbukira akuzungulira njinga yawo m'mamawa, kapu ya tiyi m'dzanja, akugwira apa ndi apo. Tinkaganiza kuti akungoisirira.

Pali zomwe mkulu wanga amanena zoona, ndipo sindingazibise. Nyali ya honda iyi ndi yofooka, usiku imawala ngati koloboyi. Ndi yaitali, moti pa maloboti ndimaima ndi chala chimodzi cha phazi, anyamata a pa Umodzi Highway n'kumakuwa kuti "ba sisi, muzagwa!" Choipa kwambiri ndi zitsulo. Bokosi limalembedwa Japan, koma m'kati muli chinthu chopepuka chomwe sichimaliza nyengo imodzi ya mvula. Enanso amakugulitsa za CG125 ati n'zimodzimodzi, pomwe kumutu injini ziwirizi n'zosiyana: ya CG imakankha mavaluvu ndi tindodo, yanga imayendetsa kamshafuti ndi tcheni. Mudala amayesa chitsulo ndi dzanja, kuchiponya m'mwamba n'kuchiwakha, asanavomere kuti chilowe mu injini.

Tcheni cha m'kati chimenecho ndicho chatibweretsera mkangano watsopano. Kuyambira mwezi watha, injini ikazizira kumamveka kaphokoso ngati munthu akukhutchumula makiyi m'thumba. Tinayamba ndi mavaluvu, tinawaika pa mamilimita 0.05 injini ili yozizira monga zimafunikira, koma phokoso silinathe. Tinakoka chokokera tcheni mpaka pamapeto, silinathe. Mudala anapukusa mutu.

"Apa lomba tizasegula. Tcheni yatambasuka. Ukaileka izalumpha mano, mavaluvu azakumana na pisitoni, ndiye uzalila zoona."

Mkulu wanga atamva anati ndi umboni womwe ankaudikira. Tinakangana mpaka nkhani inafika kumudzi pa foni. Amama anamvetsera tonse awiri, kenako anafunsa mwana wawo wamwamuna funso limodzi.

"Nanga iwe, Boxer yako ikakhala pa nchito m'tauni, mu February azabwela na mankhwala ndani?"

Sanayankhe, koma sanagonjenso. Tagwirizana kuti ngati tikatsegula tipeza mutu wa injini uli ndi mizere ngati uja wa m'bokosi la mudala, honda ipita. Ngati ndi tcheni chabe, ikhala. Ine oyilo ndakhala ndikusintha pa nthawi yake, koma za miyezi yomwe atate ankadwala, njinga ikubwerekedwa ndi aliyense, palibe angandiuze.

Tcheni chenicheni tachipeza ku Lusaka kudzera mwa msuweni wanga, ndipo chikubwera pa basi ya Lachisanu. Mudala wati Loweruka ndifike m'mawa ndi palafini, nsanza zoyera ndi gasiketi yatsopano, komanso kuti ulendo uno iwo akhala pa mpando, sipanala ndigwira ndine. Mapilitsi a amama atsala a masiku 12.