Msilikali wa ku Joni ndi Nkhunzi Zanga Zadothi

Anzanga, Lolemba lapitali pa asembule ena mwa inu munandiseka mutaona dothi m'zikhadabo zanga. Wina wa Fomu 3 anachita kufuula kuti, "Aise, wachokera kuganyu youmba njerwa eti?" Ndinaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Lero ndaganiza zoulula ndekha pakhoma pano, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dothi lija silinali la njerwa ayi. Ine, mnyamata wa zaka 15 amene ndikulemba JCE chaka chino, ndimaumbabe ng'ombe ndi tianthu tadothi. Sekani ndithu, koma mukatha kusekako muwerenge mpaka pansi.

Ndinayamba ndili Sitandade 2, nthawi imene ndinkaperekeza achimwene kubusa. Amene munakulira kuno ku Kasina mukudziwa mmene zimakhalira kudambo. Ng'ombe zenizeni zikamadya, ife tinkakhala m'mphepete mwa khwawa n'kumakumba makande, aliyense kuumba nkhunzi yake. Zikauma, nkhondo iyambike. Anyamata awiri ankagwada moyang'anizana, aliyense atagwira nkhunzi yake pamsana, n'kumaziwombanitsa mitu. Imene yathyoka nyanga ndiye kuti yagonja, ndipo mwini wake ndi amene ankathamanga kukabweza ng'ombe zikalowera kumunda kwa eni. Malamulo analipo. Kubisa kamtengo kapena waya m'kati mwa nyanga kunali kubera, ndipo ukagwidwa nkhunzi yako inkapondedwa pomwepo.

Pa zimenezi ine ndinali dolo, sindikudzitama. Ndinali ndi nkhunzi ina imene ndinaitcha Mphenzi, ya khosi lalifupi, linunda lalikulu, nyanga zonenepa kutsinde. Inatha zilimwe ziwiri osathyoka. Ndinkaisunga pamwamba pa khoma kuchipinda kwathu, pamodzi ndi zinzake khumi ndi zitatu, ndipo mng'ono wanga sankaloledwa ngakhale kuzikhudza.

Mu Disembala malume anabwera kuchokera ku Joni, kumene amagwira ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa bwana wina. Amayi anawabweretsera bulangete, agogo shuga ndi nsalu. Ine anandipatsa kanthu kokulunga mu sokosi. Anati, "Mphwanga, ndamva kuti umakonda zoumba. Taona zimene anzako akunja amaseweretsa. Anandipatsa ndi mwana wa abwana pamene ankakonza kuchipinda kwake."

Nditamasula sokosi ija ndinasowa chonena. Kanali kamsilikali kapulasitiki, kosafika n'komwe kutalika kwa chala changa chaching'ono. Kanavala zovala zachitsulo zabuluu thupi lonse. Mapewa ake anali aakulu ngati kavundikira mabeseni awiri, kamutu kakang'ono kali m'chisoti cha maso ofiira, kumsana kabereka chinthu ngati injini, m'manja muli chimfuti, pachifuwa pali mapiko agolide. Kanaima pa kachitsekerero kozungulira, pamene wina anamatapo timchenga ndi tiudzu kuti pazioneka ngati pansi penipeni. Chilichonse chinalipo, ngakhale timabatani ta pa lamba.

Usiku umenewo malume anandionetsa pa foni yawo, pa YouTube. Masewerowo dzina lake ndi Warhammer 40,000, ndipo msilikali wangayo amamutcha Space Marine. Amapanga ndi kampani ya Games Workshop ya mumzinda wa Nottingham ku England, ndipo masewerowo anayamba mu 1987. Nkhani yake ndi yopeka, ya nkhondo za kunyenyezi zaka zikwizikwi m'tsogolo. Chimene chinandidabwitsa n'choti tiasilikalito sagulitsa tothaitha. Umagula tizidutswa totuwa, iwe n'kudula, kumata ndi guluu, kenako kupenta wekha ndi kaburashi kosongoka ngati singano. Ndipo osewerawo si ana ayi. Ndinaona azibambo a ndevu zawo atazungulira tebulo lodzaza ndi timabwinja ta nyumba, akuponya madayisi, akuyeza ndi tepi kuti msilikali ayende mainchesi angati. Ali ndi mpikisano wa openta bwino wotchedwa Golden Demon. Malume anati mwana wa abwana uja ndi anzake amatha kukangana mpaka usiku, wina akuti tiasilikali takale ndi timene tinali tokongola, wina akuti tatsopano, wina akuti masiku ano achulutsa zokongoletsa.

M'mawa mwake ndinaimika msilikali uja pambali pa Mphenzi. Anzanga, Mphenzi anaoneka ngati chibuma. Mnzanga amene timayenda limodzi pobwera kusukulu atafika anangoti, "Aise, izi ndiye zinthu. Zako zija ndi matope basi." Mawu amenewo anandilowa. Madzulo ake ndinatenga ng'ombe zanga zonse n'kukaziponya kudzala. Mng'ono wanga anandipempha akulira kuti ndimupatseko imodzi yokha, ine ndinakana, ati ndi zachibwana. Usiku kunagwa chimvula. Kutacha ndinapita kudzala kuja mwakachetechete, maganizo atasintha, koma ndinangopeza phala lamatope. Dothi losawotcha silicheza ndi mvula. Mpaka lero ndikakumbukira Mphenzi pakhosi pamandiwawa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala koma ine ndemwe.

Tchuthi chonse chinathera pa kuyesa kuumba msilikali wofanana ndi wa ku Joni uja. Ndinayesa kasanu ndi kawiri. Mapewa ankagwa, mfuti inkathyoka isanaume, timiyendo tinkalephera kunyamula thupi. Ndikati ndijambule timizere ndi singano, dothi linkangonyotsoka. Agogo anga aakazi, amene aumba mbiya ndi miphika moyo wawo wonse, ankangondiyang'ana ali pakhonde. Tsiku lina anandiitana ndi dzina limene amakonda kundiseka nalo.

"Amunanga, tabwera nacho kuno chidole chako chikukusowetsa tulocho."

Maso awo saona bwino, ndiye anachiyendetsa ndi zala mbali zonse. Kenako anaseka. "Munthu ameneyu pamsana pakamuyabwa amatani ndi mapewa otere? Nanga nkhope yake ili kuti?"

"Ali m'chisoti, agogo. Ndi wankhondo."

Anapitiriza kupapasa mpaka chala chawo chinaima pamwendo. "Tagwira apa. Waumva msokowu? Ameneyu sanaumbidwe ndi dzanja. Watuluka m'chikombole ngati njerwa, ndipo ali ndi anzake ambirimbiri ofanana naye." Ndinagwira, zoonadi panali kamzere kakang'ono kotsika mwendo wonse, kamene ine wa maso abwino sindinakaone. Koma agogo sanamunyoze. Anamuyandikitsa kumaso n'kunena kuti, "Amene anapaka utotoyu ndiye mmisiri. Dzanja lake silinjenjemera. Iweyo vuto lako ukukakamiza dothi kuti lichite za pulasitiki. Dothi lili ndi khalidwe lake. Limafuna chinthu chonenepa, chozungulira, chokhazikika pansi. Unaonapo mphika wa miyendo yoonda?"

Mvula itatha anandiphunzitsa zimene sindinkadziwa. Makande a kudambo amang'aluka akamauma, ndiye anandipatsako dothi la kumtapo kumene iwo amatapa. Anandionetsa kusinja mapale akale n'kusakaniza m'dothimo kuti lisaphulike pamoto. Anati choumba chiume pamthunzi pang'onopang'ono, osati padzuwa, ndipo chisanaumiretu uchikulungize ndi nkhulungo kuti chisalale. Tsiku lowotcha miphika yawo anaikamo tanga tinayi pakati. Tiwiri tinasweka, tiwiri tinatuluka tofiira, tolira ngati belu ukatigogoda ndi chikhadabo. Nditawafunsa ngati anthu sandiseka poti kuumba amati ndi ntchito ya amayi, iwo anati, "Akusekewo akubweretsere nsima."

Tsopano, patatha miyezi ndikumuyang'ana msilikali uja tsiku ndi tsiku, ndili ndi maganizo anga pa iye, ndipo ndiwanena mosaopa.

Pa utoto palibe mkangano, wandiposa kutalitali. Ndinazindikira kuti wopentayo sanangopaka buluu mmodzi. M'makwinya anaikamo wakuda, m'mphepete mwa chitsulo anadutsitsamo kamzere kowala, ndiye kanthu kakang'onong'ono kamaoneka ngati kali ndi kulemera. Nzeru ya kachitsekerero kapansi ija ndi yabwinonso, chifukwa msilikali sagwa chisawawa. Zimenezi ndatengera, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma zokongoletsa zachuluka. Zigaza, mapiko, timatumba, tizingwe, diso limasowa poima. Ndiponso alibe nkhope. Sungadziwe ngati wakwiya, akuopa, kapena akuganiza za kwawo. Mphenzi analibe utoto ngakhale dontho, koma mmene anaweramitsira mutu aliyense ankadziwa kuti nkhunzi iyi ikufuna ndewu.

Za mapewa aakulu aja poyamba ndinkagwirizana ndi agogo kuti ndi zopanda nzeru. Tsiku lina ndinamuimika pachitsa n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi. Timabatani tonse tinasowa, koma mapewa aja ankaonekabe, ndipo sakanasokonezeka ndi chidole china chilichonse. Pomwepo ndinakumbukira kuti inenso linunda la Mphenzi ndinalikulitsa dala kuposa la ng'ombe yeniyeni, kuti anthu azimudziwira patali. Ndiye kuti mmisiri wa ku Nottingham ndi ine wa kudambo tinkaganiza chimodzimodzi osadziwana. Ngakhale makolo athu amene anajambula m'mapanga a Chongoni kuno ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, sankajambula ubweya uliwonse wa nyama. Ankangogwira maonekedwe ake, basi.

Choncho ine ndikamaweruza choumba, kaya n'chapulasitiki, chadothi kapena chawaya, ndimafunsa zinthu zinayi. Kodi chikuima chokha popanda kuchigwirira? Kodi chikuzindikirika patali? Kodi chikuoneka kuti chikuchita kanthu, kapena changoti ndwii ngati chitsa? Kodi chingapirire m'manja mwa ana akamasewera? Msilikali wa ku Joni amapambana funso loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu amayesetsa. Lachinayi ayi ndithu, mng'ono wanga anangomugwetsa kamodzi pakhonde, nsonga ya mfuti inapita.

Ndinasiya kukopera. Ndinadzifunsa kuti, ngati anzathuwo akuumba nkhondo za m'tsogolo mwawo, nanga m'tsogolo mwa Kasina mudzaoneka bwanji? Pano ndili ndi gulu langa la ankhondo asanu ndi atatu. Pali wa Chingoni wa nthenga kumutu, amene chishango chake ndi sola. Pali mayi wosenza mtsuko wotulutsa mphenzi, mwana ali kumbuyo. Pali wakabaza amene njinga yake ili ndi mapiko a malata a chitini. Pali nkhunzi ya nyanga zinayi yokoka ngolo yopanda matayala. Onse ndi onenepa miyendo monga ananenera agogo, ndipo aliyense waima pa kachitsekerero kake. Kufiira ndimagwiritsa katondo, kuda makala osinja, kuyera laimu. Madayisi ndinaumba ndekha, poyeza timagwiritsa rula ya mu seti ya masamu. Gulu limodzi ndi la mng'ono wanga, ndinamupatsa popepesa za tsiku lija.

Sindikunena kuti ndafika. Manja a anthu anga amaoneka ngati phava la nthochi, ndipo nkhope zonse zimafanana ndi za munthu amene wangodzuka kumene. Mnzanga uja mpaka pano amati wapulasitiki ndiye weniweni, zanga ndi zoyerekeza. Timakangana njira yonse yobwera kusukulu, m'mawa kukuzizira, mpaka timadzazindikira belu likulira tili kutali. Koma tsiku lina ndinamupeza akumufunsa mng'ono wanga kuti amubwereke wakabaza uja.

Ababa nawo ali ndi mawu awo. Teremu yatha masamu ndinatsika, ndipo atangoona lipoti anati, "Zidolezi zikakulembera JCE?" Sindinayankhe, chifukwa ankanena zoona, nthawi yowerenga ndinkaithera kudothi. Ndinangowakumbutsa mwaulemu kuti ku Dedza Pottery anthu amaumba makapu, mbale ndi tizifanizo ta anthu, alendo n'kumagula, ndipo ku Mua kuli malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene amisiri osema amadyera luso lawo. Ababa anati, "Amenewo ukawapeze uli ndi satifiketi m'manja." Tinapangana kuti ndiziumba Loweruka masana okha tikaweruka kumunda, ndipo ndikalephera masamu teremu ino dothi ndilisiya mpaka mayeso atatha. Ndiye mukandiona ndili ndi buku pa buleki musadabwe, ndikumenyera nkhondo ankhondo anga.

Ndikudziwa kuti sindili ndekha pasukulu pano. Alipo ena amene mumapanga galimoto zamawaya zokhota ndi chiwongolero, ena mumasoka zidole zansanza, ena mumasema timipando, koma mukavala yunifolomu mumabisa ngati mwaba. Lachisanu likubwerali tikaweruka, bwerani nazo pansi pa mtengo wa kuseri kwa Fomu 2. Ine ndibweretsa msilikali wa ku Joni, gulu langa lonse, ndi nkhunzi yatsopano yowotcha imene sindinaipatsebe dzina. Tidzaziimike pamzere, aliyense aweruze ndi maso ake, tikangane bwinobwino. Achimwene a Fomu 3 aja nawonso abwere, dothi ndiwapatsa ine.