Musanamasule kabureta, yang'anani ekizozi

Abale anga, nkhani iyi ndi ya inu a injini zowotcha petulo pamodzi ndi oyilo: Yamaha DT 125, AG 100, jenereta zing'onozing'ono, ngakhale injini za maboti a pa Shire.

Ine ndinakulira pagombe, bambo anga akuweruza injini ndi khutu. Lero ndikamayenda pa Liwonde, Ntaja kapena Ulongwe, mtima umandiwawa. Injini ikangofooka, anyamata amathamangira kabureta. Ena amaboola ekizozi kuti njinga izilira ngati ya mpikisano.

Mimba yotupa ya ekizozi ya DT ija si yokongoletsa ayi. Utsi ukatuluka, mphamvu yake imagunda pamene paipi yapanikizika n'kubwerera, ndipo imakankhira m'silinda mafuta amene amafuna kuthawa osapsa. Mukadula kapena kuboola, kubwererako kumasokonekera: phokoso lambiri, mphamvu yochepa, petulo akungotha. Anzathu akunja ouluza tindege toseweretsa amachita kuyeza kutalika kwa paipi pang'onopang'ono chifukwa cha zomwezi.

Ndiye yambani ndi pulagi. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Yakuda ndi yonyowa, mafuta kapena oyilo wachuluka, ndipo mwaye ukutseka ekizozi, imasuleni muipale. Yoyera mbuu, mafuta akuchepa kapena mpweya ukulowa pobooka. Zimitsani msanga, pisitoni isanagwire.

Za boti, ngati buku lake likuti 50:1, ndiye mamililita 400 a oyilo pa malita 20. Osayeza ndi diso, achimwene. Pisitoni ndi yodula kuposa oyilo.

Tumizirani mnzanu wa njinga.