Kodi Wophonya Angadzakhale Katswiri?

Aphunzitsi a masewera amatsutsana pa funso ili: kodi mnyamata wamphamvu koma wophonya angaphunzitsidwe kulunjika, kapena kulunjika n'chibadwa? Ku America funsoli limabuka chaka ndi chaka matimu a ligi ya NFL akamasankha osewera m'makoleji, makamaka quarterback, wosewera amene ntchito yake ndi kuponyera anzake mpira ndi dzanja.

Josh Allen ali pa yunivesite ya Wyoming, mwa mipira 100 iliyonse imene ankaponya, 56 yokha ndiyo inkagwiridwa ndi anzake. Ambiri ankati sangapite patali, komabe timu ya Buffalo Bills inamutenga mu 2018. Chaka choyamba anatsika kufika pa 53, koma mu 2020 anakwera kufika pa 69, ndipo m'nyengo ya 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Si onse amene zimawayendera chotere. Jake Locker, amenenso ankaphonya ali pa koleji, anatengedwa ndi Tennessee Titans mu 2011 ndipo anasiya kusewera mu 2015, atavulala kambirimbiri, kuphonyako kusanathe.

Nkhani ya anthu awiriwa imandikumbutsa kwathu ku Nkhotakota, kumene tinkasewera mpira wachikulunga pamchenga asodzi akuyanika usipa pambali. Pakati pathu panali mnzathu wina wa mwendo wamphamvu zedi. Akamenya mpira, goloboyi ankayamba wabisa nkhope, koma nthawi zambiri mpirawo unkakagwera m'madzi kapena pa thandala la nsomba. Titafika ku sekondale, aphunzitsi a masewera anamuyesa kawiri kokha, n'kumuuza kuti, "Iwe mwendo wako ndi wokhota, khala panja." Maloto ake okasewera pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa anathera pomwepo. Palibe anamuonetsa poponda ndi phazi linalo, kapena kumuuza kuti kuweramira mpira kumathandiza kuti usauluke.

Allen anapeza chimene mnzathuyo sanachipeze. Anali ndi mphunzitsi wapadera, Jordan Palmer, amene anamuthandiza kukonza kaimidwe ndi kaponyedwe, ndipo timu yake inamupirira zaka ziwiri akuphonya. Msodzi nayenso sabadwa akudziwa kuwongola bwato pa mwera. Amaphunzira bambo ake ali kumbuyo, akumudzudzula tsiku ndi tsiku.

Maganizo anga ndi akuti kulunjika kumaphunzitsika, ngakhale si aliyense angakuphunzire. Vuto n'lakuti sitingadziwe amene angathe tisanamuphunzitse. Mphamvu ndi yovuta kuipereka kwa munthu amene alibe, pamene kaimidwe kangakonzedwe. Choncho aphunzitsi a masewera m'sukulu zathu asamafulumire kutaya mwana chifukwa waphonya kawiri. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.